A Mawaya ndi Rauta Yodikira

Mvula isanagwe, nyengo imene dzuwa limafewetsa phula la pamsewu ndipo nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa, pakampani yogulitsa mbewu ndi feteleza pamakhala chipinda chimodzi chokha chozizira. Chili kumapeto kwa khonde la maofesi, kuseri kwa chitseko chachitsulo, ndipo chilibe zenera. Mkati mwake muli kabati yaitali yodzaza makina, mawaya omangidwa m'mitolo ngati nkhuni, ndi timagetsi tobiriwira tophethira osatopa. Kwa zaka zambiri kiyi wa chipindacho ankagona m'thumba la munthu mmodzi, amene aliyense, kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana, ankamutcha a Mawaya.

Dzinalo analipata ali mnyamata. Anachoka kumudzi chaka cha chilala, chimanga chitauma chisanamasule, anthu pakhomo atachuluka kuposa chakudya. M'tauni anapeza ganyu kwa munthu wina woika magetsi m'nyumba. Popeza anali woonda, ntchito yawo inali kukwawa m'siling'i, m'fumbi ndi zitosi za mileme, kukoka waya kuchoka ngodya ina kupita ina. Zaka zikupita, mawaya a magetsi anasanduka a matelefoni, a matelefoni n'kusanduka a makompyuta, ndipo a Mawaya ankatsatira pambuyo ngati munthu wolondola mtsinje, kuphunzira apa, kufunsa apo. Pofika pakampani ya mbewu anali bambo wa ana awiri. Tsopano anawo anali atachoka pakhomo, ndipo imvi zinali zitayamba m'mbali mwa makutu.

M'kabatimo munali makina awiri amene ankawakonda kuposa ena onse: marauta awiri, ina pamwamba pa inzake. Rauta ndi bokosi loima pamalire a nyumba ndi dziko lakunja. Kalaliki akalemba oda, kapena galimoto ikayezedwa pasikelo, uthengawo umayenera kupita kulikulu la kampani, mumzinda wina, n'kubwerako utavomerezedwa, ndipo potulukira pake ndi pa rauta. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amangoti chipata. Rauta yapamwamba inkatumiza uthenga kudzera pa faiba, chingwe chokwiriridwa pansi m'mbali mwa msewu. Yapansi inkatumiza kudzera pa mbale yonga ya setilaiti yomangidwa padenga.

Iliyonse inali ndi adilesi yakeyake, monga munthu ndi dzina lake. Koma panalinso adilesi yachitatu, imene sinali ya iyi kapena iyo: adilesi ya chipata chenichenicho. Imeneyi ndiyo makompyuta ankaidziwa. A Mawaya pofotokoza ankaiyerekeza ndi chipewa cha mlonda. Chipewa n'chimodzi, ankatero, ndipo amavala ndi amene ali pa ntchito. Wofuna kutuluka safunsa dzina la mlonda, amangoyang'ana chipewa. Masiku onse inkavala ndi yapamwamba, ndipo kamphindi kalikonse inkanong'oneza inzake liwu limodzi lokha: ndilipo, ndilipo, ndilipo. Yapansi inkangomvetsera. Liwulo likangosowa kangapo motsatizana, yapansi inkatola chipewa n'kuima pachipata, anthu m'maofesi osadziwa n'komwe kuti mlonda wasintha.

"Kudikira nakonso ndi ntchito," ankatero a Mawaya, akupukuta fumbi pa rauta yapansi.

Koma nzeru imeneyi inkathera pa makina. Kwa anthu, chipata chinali a Mawaya okha. Nambala ya foni yawo inali paliponse, pakhoma la kukantini, kuseri kwa zitseko, m'mutu mwa aliyense. Inkalira ali kubafa, ali pamaliro, ali pakati pa kudya. Chikhalirecho anali naye mnzawo pantchito, mayi wodekha amene anabwera dzinja lapitalo kuchokera kukampani ina yaikulu, wodziwa ntchito ngati iwo omwe. Anthu anamutcha a Fulasiki, chifukwa sankayenda popanda fulasiki ya tiyi m'khwapa. A Fulasiki ankakhala patebulo lachiwiri, kusintha inki ya mapulinta ndi kuthandiza oiwala mapasiwedi. Ofesi yawoyo inali ndi foni yakeyake, yoti azigwira amene ali pa ntchito tsikulo, koma inkangogona m'dilowa, batire itatha kalekale.

Kunyumba, akazi awo anali telala. Ankasokera pakhonde, ndipo kwa nthawi yaitali ankavala mpango pakhosi ngakhale kukutentha, kubisa chotupa chimene chinayamba ngati kanthu kosekera n'kumakula mwakachetechete. Chaka chimenecho chinayamba kuwavutitsa pomeza, ndipo akagona chagada mpweya unkaperewera. Madokotala a chipatala chachikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, anati ndi chithokomiro ndipo chiyenera kuchotsedwa.

"Tsiku andipatsa," anatero mayiwo madzulo ena, akudula ulusi ndi mano. "Sabata ya mawa ikatha, Lolemba lake. Akuti ndipite ndi wondidikirira, ndipo tikakhalako masabata awiri."

A Mawaya anayang'ana kumwamba. Masiku amenewo mitambo inkaunjikana madzulo alionse n'kumwazikanso osasiya dontho. Ndiyo nyengo imene alimi amadzidzimuka onse pamodzi, magalimoto n'kundanda kuyambira pasikelo mpaka kumsewu, ndipo chipata chikatsekeka ngakhale pang'ono, bwalo lonse limasanduka la milandu.

"Nkhope yanu ndaiwerenga kale," anatero akazi awo. "Musavutike, ndiwauza akulu anga, monga mwa masiku onse. Pobadwa woyamba anali iwo. Pobadwa wachiwiri anali iwonso. Inu munkafika mwana atayamba kale kufanana nanu."

"Mayi, nthawi imene ija kunali..."

Foni inalira m'thumba.

"Yankhani. Mkazi mnzanga akuitana."

Anayankha. Anali kalaliki wina amene kompyuta yake inkakana kuthima. Atamaliza kumulangiza, anapeza akazi awo atasiya makina osokera, manja ali pamiyendo.

"Kubereka ndinkakudziwa, bambo," anatero motsitsa mawu. "Izi zogonekedwa ndi mankhwala, mpeni uli pakhosi, sindikuzidziwa. Ndikufuna podzuka ndidzaone inuyo. Ngati ndidzadzuke."

"Musalankhule choncho."

"Ndiye tiyeni mukanditsutsire komweko."

M'mawa mwake a Mawaya anagogoda kwa bwana, a Fulasiki ali pambuyo pawo. Bwanayo sanali munthu wouma mtima. Anamvetsera zonse, n'kupepesa za matendawo, kenako anapukusa mutu.

"A Mawaya, mukundipempha denga mvula ikubwera."

"Tilipo awiri, bwana. Marauta aliponso awiri. Ina ikafa, inzake imatenga."

"Zimenezo ndimangomva kwa inu. Ndi maso sindinazionepo. Munayesapo?"

"Timayesa, bwana. Lamlungu."

"Lamlungu kuno kumakhala mlonda ndi nkhunda basi."

Apa ndi pomwe a Fulasiki analankhula. "Tiyese mawa m'mawa, bwana, magalimoto ali pamzere. Tidzazule waya wa magetsi wa yapamwamba inu muli pomwepo."

Bwana anavomera pomwepo. Zaka zonsezo a Mawaya sanalolepo rauta yapamwamba kufa anthu ali pa ntchito. Ikangotsokomola ankathamanga. Atatuluka pakhonde anatembenukira mnzawoyo.

"Achemwali, mwandigulitsa."

"Ndakugulirani tchuthi, achimwene."

"Chinthu chikamayenda bwino sachigwiragwira."

"Nanga tayala la sipeya limene simunalitsitsepo, mumadziwa bwanji kuti lili ndi mpweya?"

Tsikulo linacha lotentha kale. Pofika nthawi yoti maofesi adzaze, mzere wa magalimoto unali utatuluka pageti. Atatuwo analowa m'chipinda chozizira. A Fulasiki anaika laputopu pampando n'kuiuza kuti izigogoda kulikulu mosalekeza, ndipo yankho lililonse lochokera kumeneko linkaoneka ngati mzere watsopano. A Mawaya anagwada kuseri kwa kabati, n'kugwira waya wakuda uja. M'chipindamo munkazizira ngati m'mawa wa nyengo ya chisanu, koma iwo thukuta linali kamukamu.

"Zulani," anatero bwana.

Anazula.

Timagetsi ta rauta yapamwamba tinathima tonse pamodzi. Pa laputopu mizere inaima. A Mawaya anapuma kamodzi, kawiri, ndipo asanameze malovu mizere ija inayambanso kutsika ngati palibe chachitika. A Fulasiki analoza rauta yapansi, timagetsi take tikuphethira mwachangu kuposa kale. "Yavala chipewa, bwana."

Bwana anatuluka pakhonde n'kusuzumira mu ofesi ya makalaliki. "Zikuyenda?"

"Chiyani, bwana?" anafunsa mmodzi, osakweza n'komwe mutu.

Yankho lokoma kuposa limenelo a Mawaya anali asanalimvepo. Anayamba kumwetulira. Kenako foni inalira m'thumba mwawo.

Anali mkulu wogwira ntchito pasikelo ya magalimoto, munthu wa mawu aakulu amene onse ankangomutcha a Pasikelo. Sipanafunike kuika foni pakhutu.

"A Mawaya! Mwandipha! Kompyuta ikungozungulira, tikiti siikutuluka, madalaivala andidya wamoyo kuno!"

A Mawaya anali atawerama kale, waya uli m'manja, kuti aubwezere. A Fulasiki anawagwira pamkono.

"Mukabwezera, sikelo iyenda. Ndiye sitidzadziwa chifukwa chake mpaka tsiku limene inu muli kuchipatala."

Onse awiri anayang'ana bwana. Bwana anasuzumira kubwalo, kumene mahutala anali atayamba kulira.

"Ndikupatsani nthawi yomwera kapu imodzi ya tiyi," anatero. "Tiyi wotentha."

Anadutsa bwalo lonse, dzuwa likuwawotcha pakhosi, fumbi la feteleza likuyabwa m'mphuno. Madalaivala anali atatsika m'magalimoto, ena atakhala pamthunzi wa matayala.

"Akulu a mawaya, intaneti yapita kumaliro?"

"Tipite tikaitenge pa lole?"

M'kanyumba ka pasikelo munali motentha ngati mu uvuni. A Pasikelo ankadzikupiza ndi chikatoni, akulumbira kuti sanagwire kalikonse. A Fulasiki anakhala pampando wawo, n'kuika fulasiki pansi, n'kutsegula pamene kompyuta imasunga adilesi ya chipata. Onse awiri anaiona nthawi imodzi. A Mawaya anaizindikira monga kholo limazindikirira kulira kwa mwana wake pagulu. Sinali adilesi ya chipewa. Inali adilesi yakeyake ya rauta yapamwamba, imene pa nthawiyo inali chigonere m'chipinda chozizira, waya wake atazulidwa.

Anakumbukira mmene zinakhalira. Makompyuta a m'maofesi amafunsa okha adilesi ya chipata m'mawa uliwonse akamayatsidwa. Koma ya pasikelo inaikidwa ndi amisiri a kampani yogulitsa masikelo, ndipo iwo amalemba zonse pamanja. Tsiku limene ankaiika anapempha kulowa m'chipinda chozizira, n'kukopera nambala yomatidwa pamphumi pa rauta yapamwamba. Nambalayo inali yoona, ndipo inkagwira ntchito masiku onse amene rautayo inali moyo. Ndipo Lamlungu, tsiku loyesera, sikelo imakhala yotseka.

A Fulasiki anafufuta manambala akumapeto n'kulemba a chipata. Kapulinta kanatsokomola, kenako kanalavula tikiti. Kunja wina anaimba mluzu.

"Ndimadziwa ine!" anafuula a Pasikelo. "A Mawaya akangofika, zonse zimagwada."

"Akonza ndi mayiwa."

"Eya, koma inu munaima pambali. Makina amakuopani, akulu."

A Mawaya sanaseke. Maso awo anali pakhoma, pamwamba pa kompyuta. Pamenepo panali nambala ya foni yawo, yolembedwa ndi dzanja lawo lomwe zaka zambiri zapitazo, inki itasuluka ndi dzuwa.

Atabwerera m'chipinda chozizira anabwezera waya uja. Rauta yapamwamba inayaka, koma yapansi inapitiriza kugwira ntchito.

"Yadzuka," anatero bwana. "Nanga bwanji siikutenga chipewa chake?"

"Tinaiuza kuti izidikira kaye," anayankha a Mawaya. "Ikangodzuka imakhala ngati munthu wochokera ku ulendo, sidziwa njira zimene zili zotseguka. Ikalanda chipewa nthawi yomweyo, imalandira katundu wa anthu isakudziwa kokamutula. Ndiye imayamba yafunsa kwa anansi ake. Ikadziwa, imatenga."

Bwana anagwedeza mutu. Anadikira mpaka chipewa chitabwerera mwakachetechete, mizere ya pa laputopu osaphonya.

"Makinawa ndawakhulupirira," anatero. "Koma tandiuzani, a Mawaya. Sikelo itaima, inalira ndi foni ya ndani?"

A Mawaya anatuluka nalo funsolo. Masana onsewo iwo ndi a Fulasiki anayendera makina ena olembedwa pamanja, makamera a pageti ndi kamakina kodindapo chala polowa, ndipo anapezanso kamodzi kodziwa dzina la rauta m'malo mwa chipata. Koma maganizo awo anali pa funso lija. Mu ofesi iliyonse imene analowa, nambala yawo inali pakhoma. Palibe anawakakamiza kuilemba. Mnyamata amene anachoka kwawo chifukwa kunalibe chomusungira anapeza kuti kufunidwa n'kokoma ngati madzi a m'chitsime nthawi ya chilimwe, ndipo anamwa osayang'ana kuti chitsimecho chikuzama bwanji. Foni ikalira pakati pa chakudya ankadandaula ndi pakamwa, koma mumtima munkakhala kachimwemwe. Anthu onsewa sankadziwa chipata. Ankadziwa a Mawaya.

Madzulo anatsegula dilowa, n'kutulutsa foni ya ofesi ija, n'kuilumikiza kumagetsi. Kenako anapitanso kwa bwana.

"Tizulenso waya wina, bwana."

"Uti?"

"Ineyo. Mundizule tsiku limodzi, magalimoto ali pamzere. Ndidzabwera, koma foni yanga idzakhala yothima ndipo sindidzagwira kanthu. Zikayenda, mundilole ndipite."

Bwana anaseka, koma anavomera. Anagwirizana za Lachinayi.

Masiku otsalawo a Mawaya anayenda ofesi ndi ofesi ndi kansalu konyowa ndi cholembera, kufufuta nambala yawo n'kulemba ya ofesi. Ena ankawayang'ana ngati akutsanzika. Mayi wa kukantini anafunsa ngati achotsedwa ntchito. A Pasikelo anati afufute pakhoma ngati akufuna, koma m'mutu mwawo sangafikemo ndi kansaluko.

Lachinayi m'mawa anathimitsa foni pamaso pa bwana, n'kupereka kiyi wa chipinda chozizira kwa a Fulasiki, n'kukakhala pabenchi la mlonda pansi pa mtengo wa pageti. Mtengowo unali utaphuka masamba atsopano ofiirira, monga imachitira mitengo ina mvula isanagwe, kukhulupirira madzi amene sinawaone. Zaka zonsezo ankadutsa pansi pake osakweza maso.

Woyamba kuwapeza anali kalaliki wa kompyuta yokana kuthima uja.

"A Mawaya, foni yanu siikupezeka. Pulinta yatafuna pepala."

"Imbani nambala ya ofesi, ili pakhoma panu."

"Koma si muli pompano?"

"Lero kulibe ine."

Kalalikiyo anayang'ana mlonda, kufuna mboni. Mlonda anakweza mapewa. "Inenso sindikuwaona, achimwene. Ndangomva mawu."

Anabwera ena atatu kapena anayi, n'kubwerera akung'ung'udza. Dzuwa litafika pamutu anasiya kubwera, ndipo kumeneko ndiye kunawawa koposa. A Mawaya anayesa kucheza ndi mlonda za nkhuku zake, koma makutu awo anali kumaofesi. Dzanja linkangopita lokha m'thumba.

Cha kumasana magetsi anathima, ndipo jenereta inazengereza kudzuka. A Mawaya anapezeka ataima pakati pa bwalo osadziwa kuti anyamuka liti pabenchi. Ankadziwa zoyenera kuchita, chimodzi ndi chimodzi, monga munthu amadziwira njira ya kwawo mumdima. Ndipo anawaona a Fulasiki akutuluka mu ofesi, foni pakhutu, fulasiki m'khwapa, akuyenda osathamanga. Sanalunjike kuchipinda chozizira monga akanachitira iwo. Anayamba apita pasikelo, n'kulankhula ndi a Pasikelo ndi madalaivala, kenako anakhota kupita kujenereta, ndipo chipinda chozizira anafikako pomaliza.

"Ayambira kumchira," anadziyankhulira a Mawaya.

Koma mahutala sanalire. Madalaivala, atauzidwa chimene chachitika, anabwerera pamthunzi wa matayala awo. Jenereta inagunda, magetsi n'kubwera, ndipo patapita kanthawi galimoto yoyamba inatsika pasikelo. A Mawaya anaimabe pamenepo, dzuwa likuwawotcha pamutu, mpaka mlonda anawaitana.

"Akulu amene kulibe, bwererani pamthunzi. Muwauka."

Poweruka bwana anaima pageti, n'kutsitsa galasi la galimoto. "Pitani, a Mawaya. Mukapereke moni kwa mayi."

A Fulasiki anawaperekeza mpaka pamsewu. Anawathirira tiyi wotsala m'chivindikiro cha fulasiki, wofunda chabe.

"Munayambira kumchira," anatero a Mawaya.

"Makina ali ndi mabatire, achimwene, amatha kudikira. Madalaivala alibe."

A Mawaya anaganiza kaye, kenako anaseka.

"Ndipo mukadzabwera," anapitiriza a Fulasiki, "musadzalande chipewa muli pageti. Mudzayambe mwafunsa kwa anansi."

Lamlungu anakwera basi kusanatenthe. Isananyamuke n'komwe, akazi awo anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno mkazi mnzanga."

"Ndi yothima, mayi."

"Ndikudziwa. Akagone m'chikwama changa, pansi pa zovala. Ana ali ndi nambala yanga."

Njira yonse minda inali yolimidwa kale, mizere yofiira itayang'ana kumwamba, ikudikira. Apa ndi apo munthu ankaima ndi khasu paphewa, kuyang'ana mitambo. A Mawaya anakumbukira bambo awo ataima chomwecho chaka cha chilala chija. Akazi awo anagona atatsamira paphewa pawo, mpweya ukulira pang'ono pakhosi.

Lolemba m'mawa anamwino anabwera ndi bedi lamatayala. Anawavula mayiwo mpango uja n'kuupereka kwa a Mawaya, kenako anakankha bedilo kulowa nalo m'chipinda cha opaleshoni. Chitseko chinatsekeka, ndipo a Mawaya anakhala pabenchi la pakhonde, chikwama pamiyendo, mpango m'manja. Panalibe waya woti azule kapena kubwezera. Panalibe timagetsi toti awerenge. Pafupi nawo panakhala gogo wina wodikira mwana wake, amene anawagawira nthochi osafunsa dzina.

Dzuwa lisanafike pamutu kunada. Mphepo inakankha mazenera, masamba ouma n'kulowa pakhonde, kenako fungo lija linafika, fungo la dothi louma likalandira madontho oyamba. Mvula inayamba ngati munthu wogogoda mwaulemu, kenako inakhuthuka. Chiphaliwali chinang'anima, bingu n'kugwedeza malata.

A Mawaya ankadziwa zimene mvula yoyamba imachita. Imakokolola dothi m'mbali mwa msewu n'kusiya faiba pamtunda, galimoto n'kuiponda. Ankadziwa kuti zikatero rauta yapamwamba, ngakhale ili moyo, imaona kuti njira yake yaduka, ndipo imadzitsitsa yokha n'kupereka chipewa. Koma nanga mbale ya padenga, ndi mphepo yotereyi? Nanga ngati kunatsala kamakina kena kolembedwa pamanja kamene sanakapeze? Dzanja lawo linatsegula zipi ya chikwama, n'kulowa pansi pa zovala, n'kuikhudza foni. Inali yozizira.

Anakhala choncho kanthawi, mvula ikusefukira m'ngalande za chipatala. Mwina kukampani kuja sikunkagwa n'komwe. Mwina kunkagwa, ndipo mayi wina ankadutsa pabwalo osathamanga, fulasiki m'khwapa. Anatulutsa dzanja lopanda kanthu n'kutseka zipi.

"Yabwera bwino chaka chino," anatero gogo uja, akuyang'ana panja.

"Yabwera bwino, gogo."

Namwino anawaitana mvula itayamba kuchepa. Opaleshoni inali itayenda bwino, anatero, koma wodwala asakakamizidwe kulankhula. Anawapeza akazi awo ali chigonere, bandeji yoyera pakhosi, nkhope itachepa ngati ya mwana. Anakoka mpando n'kukhala pafupi, n'kuwagwira dzanja, lija la zala zolimba ndi singano.

Patapita nthawi zikope zinagwedezeka. Maso anatseguka, n'kuyendayenda padenga, pakhoma, pa botolo la madzi lopachikidwa, ngati akufuna chinthu chimene sakukhulupirira kuti achipeza.

"Ndilipo," anatero a Mawaya.

Maso aja anawapeza, n'kukhazikika, kenako anatsekekanso. Koma sipanapite nthawi anatsegukanso, mwadzidzidzi, kuyang'ana pampando pomwe paja.

"Ndilipo, mayi."

Zinatero masana onse. Akazi awo ankamira m'tulo n'kuvuukanso, ndipo nthawi iliyonse ankapeza liwu lomwelo likuwadikira. Dzuwa litatulukanso kumadzulo, likuwala pamadzi a pabwalo, milomo yawo inayamba kugwedezeka. A Mawaya anawerama n'kuika khutu pafupi.

"Mkazi... mnzanga?"

"Ali m'chikwama. Sanadzuke."

Akazi awo anayesa kuseka, koma pakhosi panawawa, ndiye anangofinya dzanja lija.

"Msiyeni," ananong'ona. "Watopa nayenso."